Kansanza Kofiira pa Thumba

Nsaru,
14 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Zombako, ndiponso kuti khanda la achemwali likukupatsani mpata wopuma. Ine ndili bwino, kungoti sabata yathayi ndinatsala pang'ono kumanitsa mbewu mudzi wathu wonse. Sindibisa, cholakwa chinali changa.

Paja kubungwe la alimi kuno ndine ndinalemba pulogalamu ya kompyuta yophatikiza zokolola. Imalandira chilichonse, chimanga m'matumba, mtedza m'ndowa, fodya m'mabelo. Kompyuta ya kuofesi yathu ya ku Kabudula imaphatikiza za midzi yake, kuphatikizapo wathu, n'kusunga, kenako n'kutumiza kuno kuti timalize. Mwana wanu wophunzirayu, posunga ndinkalemba nambala yokha, osanena kuti ndi ya chiyani. Zikafika kuno, kompyuta inkangoti zonse ndi matumba a chimanga.

Ndiye ndowa khumi za mtedza za a Enifa, amasiye aja a kuseri kwa tchalitchi, zinasanduka matumba khumi a chimanga. Mudzi wonse unaoneka wokhuta chaka cha chilala chino, ndipo unachotsedwa pa mndandanda wa olandira mbewu.

A Enifa atamva kuti awalembera matumba khumi anabwera kuofesi pa kabaza. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, matumba anga khumiwo ali kuti? Undipatseko limodzi, ana adye." Ndinasowa pobisa nkhope.

Bwana anandipatsa masiku awiri kuti ndipeze vuto. Nditawaperekeza a Enifa kumudzi ndinalowa m'nyumba mwanu, maso n'kugwa pa timatumba tanu ta mbewu, kalikonse ndi kansanza kake pakamwa, kofiira pa mtedza, kakuda pa soya. Mukukumbukira mmene ndinkakusekerani kuti mukulemba chizindikiro pa thumba lothira nokha? Munkandiyankha kuti wodzamasula thumba si amene anamanga uja. Ndinakhala pansi pomwepo.

Tsopano nambala iliyonse imanyamuka ku Kabudula ndi kansanza kake, dzina la mbewu ndi muyeso wake, ndipo yofika yopanda kansanzako kompyuta imaibweza. Ndinaulula zonse kwa bwana. Anandidzudzula, komabe mudzi wabwerera pa mndandanda.

Zikomo kwambiri, Amayi. Mwandikonzera kompyuta inu amene mumaopa kukhudza ndi foni yomwe.

Mupereke moni kwa achemwali ndi alamu. A Enifa akusiyirani kathumba ka mtedza. Ndamanga ndekha, ndipo kansanza kofiirako ndang'amba pa chitenje changa chatsopano chija.

Ine mwana wanu,
Tiyanjane