Mphindi Khumi za Amayi

LACHIWIRI
Macheza ndi: Achemwali

10:02 Mzime: 🎤 mawu, 0:24
"Iwe Chisamba. Diresi lija unavala ku phwando la kuntchito kwanu ndaliona pa chithunzi. Mpendero wokhotakhota ngati njira ya woledzera. Anakusokera ndani? Kodi ine ndinamwalira, kuti uzipita kwa matelala ena? Hm. Chabwino. Zikomo kwambiri."

10:03 Achemwali: Amayi pepani
10:03 Achemwali: Munali ndi ntchito yambiri ya mayunifomu, sindinafune kukuvutitsani
10:04 Achemwali: Sindidzachitanso
10:05 Achemwali: Dikirani kaye. Mukutani ndi foni ya mzime? Muli ku yunivesite??
10:05 Mzime: kkkkkkkkk
10:06 Mzime: ndafa ine 😭
10:06 Achemwali: IWE
10:07 Mzime: ndine ndemwe achemwali. amayi ali ku shopu kwawo, za diresi lanu sakudziwa kanthu. km ine ndadziwa tsopano
10:08 Achemwali: Ndachita kuimirira mu ofesi muno ngati ndaitanidwa kwa ahedi. Mfiti iwe. Mpaka ka "hm" kaja!
10:08 Mzime: ndimaluma mapini atatu pakamwa ngati iwowo, mawu amangobwera okha
10:10 Mzime: ndi mayeso a acting. aliyense asankhe munthu weniweni, amuonetsetse miyezi ingapo, kenako akhale munthuyo pa siteji mphindi 10. wekhawekha, palibe script. a Bwerezanso anati tiyesere kaye pa munthu wowadziwa bwino
10:10 Achemwali: A ndani?
10:11 Mzime: lecturer wathu. ukalowa pakhomo amati bwerezanso. ukakhala pampando, bwerezanso. dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale
10:12 Mzime: anzanga asankha zophweka, wina mlonda wa pageti, wina mayi wa ku library amene amagona maso ali chitsegulire. ine ndinati telala wa kwathu. roommate wanga watopa nane, ndamuyeza chiuno kakhumi sabata ino
10:14 Achemwali: Ndi za Lachisanu lino 2 koloko zija?
10:14 Mzime: eya. mwadziwa bwnj
10:14 Achemwali: Unaika poster pa status
10:16 Achemwali: Eish
10:16 Achemwali: Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze
10:16 Mzime: ndani
10:17 Mzime: achemwali NDANI
10:19 Achemwali: Akubwera. Tonse awiri, basi ya 7 mmawa. Atseka shopu tsiku lonse, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku limene ndinawaberekera mdzukulu

10:19 📞 Mzime waimba, sinayankhidwe
10:20 📞 Mzime waimba, sinayankhidwe

10:21 Achemwali: Ndalowa mu meeting! Vuto n'chiyani? Patchuthi unkawatsanzira iwo akuseka mpaka kutsokomola
10:22 Mzime: mphindi 7 zoyamba aseka. zitatu zomaliza ndi zimene zindiphe

12:41 Mzime: 🎤 mawu, 1:16
"Achemwali mvetserani. Poyamba ndinali ndi zoseketsa zokhazokha. Mmene amamuuzira kasitomala kuti wanenepa pongomuonetsa tepi, mmene amakalipira makina ngati mwana wosamva. Kalasi yonse inkafa ndi phwete. A Bwerezanso okha osaseka. Anangoti, mayi ameneyu ukumuseka, sunamuone, pita ukamuone. Ndiye patchuthi chija ndinkatsanzika kuti ndatuluka, n'kukabisala kuseri kwa katani ya koyesera zovala. Achemwali, amayi sakuona kabowo ka singano. Amanyambita ulusi, kuyesa, kuphonya. Kupita pawindo, kuphonyanso. Tsiku lina ndinawerenga, kasanu ndi kanayi. Kenako anaitana, Mzime! Ine ndinaluma mlomo osayankha, kuti ndione atani. Anadikira pang'ono, n'kuyambiranso okha. Sewero langa limathera pamenepo."

12:50 Achemwali: Bodza. Ine ndimapitako Lamlungu lililonse
12:50 Mzime: mukafika amakupatsani chiyani
13:06 Achemwali: Masingano
13:07 Achemwali: Khumi, mwina kuposa. Amati lowetsa ulusi uku tikucheza, manja asakhale chabe
13:07 Achemwali: Ndinkaona ngati akungondipezera chochita
13:09 Achemwali: Ine chisamba m'nyumba muja, osaona chinthu chili pamphuno pomwepa
13:15 Achemwali: Chotsa gawo limenelo
13:16 Mzime: ndachokera kwa a B pompano. ati ndikalichotsa ndidzabwere chaka cha mawa ndi munthu wina
13:17 Achemwali: Ukuwadziwa amayi ako. Amati magalasi ndi a anthu ofuna kuoneka ophunzira. Ndiye iwe uwaulule pamaso pa holo yonse?
13:17 Mzime: ndy aletseni asabwere pls pls

LACHITATU

08:15 Achemwali: Report
08:15 Achemwali: Ndawauza kuti mipando yatha. Ati aimirira kumbuyo, anabadwa ndi miyendo
08:16 Achemwali: Ndati msewu ndi woipa. Ati umaipira amene alibe kopita
08:16 Achemwali: Ndati kugwa mvula. Andionetsa maambulera awiri
08:17 Mzime: auzeni kt ndadwala
08:17 Achemwali: Kuti anyamuke lero lomwe ndi bulangeti? Uli bwinobwino iwe?
08:19 Achemwali: Adzisokera diresi latsopano. Kasitomala aliyense akudziwa kuti mwana wawo ndi wa pa siteji, ngakhale wongobwera kudzaikitsa batani. Ine ndagonja
08:20 Achemwali: Uwauze wekha, lero. Pakadafunda padajiwitsa galu
08:45 Mzime: ndili mu rehearsal
14:30 Achemwali: Wawauza?
17:52 Achemwali: Mzime

LACHINAYI
Macheza ndi: Amayi

11:20 Mzime: amayi mwadzuka bwanji. ndamva kuti mukubwera mawa

11:34 Amayi: 🎤 mawu, 0:19
"Uthenga wako wandiwerengera kasitomala, manja anga ali pa nsalu. Uzingolankhula. Chisamba pakamwa pake ndi thumba lobowoka, ndinadziwa. Eya ndikubwera. Ukusewera ndani? Mfumukazi?"

11:36 Mzime: 🎤 mawu, 0:05
"Ayi amayi. Mayi wina wake. Telala."

11:38 Amayi: 🎤 mawu, 0:27
"Telala! Ndiye bwanji sunandifunse? Usakandichititse manyazi kumeneko, kugwira sizasi ngati ukudula nkhuku. Tepi ikhale m'khosi, osati m'thumba. Choko kuseri kwa khutu ayi, amenewo ndi akalipentala. Mayi ameneyo ntchito amaidziwa koma?"

11:39 Mzime: 🎤 mawu, 0:04
"Amaidziwa kuposa aliyense."

11:47 Mzime: 🚫 uthenga wafufutidwa
11:52 Mzime: 🚫 uthenga wafufutidwa

11:58 Amayi: 🎤 mawu, 0:07
"Foni yalira kawiri, ndikutsegula mulibe kanthu. Ukufuna chiyani?"

12:03 Mzime: 🎤 mawu, 0:06
"Ndimati mubwere ndi juzi amayi. M'holo mumazizira."

Macheza ndi: Achemwali

12:04 Mzime: ndalephera
12:05 Achemwali: Pa siteji mkango, kwa amayi ako kamwana ka nkhuku konyowa
12:05 Mzime: ndikuvomera
12:07 Mzime: mawa mundilembere chilichonse akuchita. foni ikhala m'chikwama kuseri, ndidzawerenga ndikatsika
12:08 Achemwali: Ndasanduka mtolankhani tsopano. Ok

LACHISANU

13:31 Achemwali: Tafika. Mzere wachitatu, pakati. Apereka moni kwa mzere wonse, mmodzimmodzi
13:40 Achemwali: Agwira jekete la bambo wina wa ndevu zoyera n'kumuuza kuti phewa lakumanzere linasokedwa mothamanga
13:41 Achemwali: Bamboyo wakakhala pa tebulo la ma lecturer. Ndikuganiza kuti ndi a Bwerezanso ako 🙈
14:12 Achemwali: Mlonda wa pageti watha. Amayi ati wayesetsa
14:25 Achemwali: Akutchula dzina lako!
14:26 Achemwali: Wangoti "hm" usanatulukire nkomwe, amayi andigwira bondo
14:27 Achemwali: "Ameneyo ndine!" Mokweza. Mizere iwiri yatembenuka
14:28 Achemwali: Akuseka mpaka misozi. Akuuza bambo wa pambali pawo kuti makinawo amamvadi akakalipiridwa
14:30 Achemwali: "Ine sinditero!"
14:30 Achemwali: "Ayi ndimatero"
14:32 Achemwali: Zaka zonsezi ndinkaona ngati kusukulu kuno umangosewera. Koma uli bho mwana iwe
14:33 Achemwali: Wasiya kulankhula
14:33 Achemwali: Amayi aweramira kutsogolo, akutsinzinira
14:34 Achemwali: Andinong'oneza kuti akutani tsopano mwanayo
14:34 Achemwali: Ndawauza. Akulowetsa ulusi pa singano amayi
14:34 Achemwali: Andisiya bondo
14:35 Achemwali: Holo yonse zii
14:36 Achemwali: Waitana dzina lako lomwe
14:36 Achemwali: Amayi akuyankha. Wawamva?
14:36 Achemwali: "Ali kusukulu ameneyo. Yesanso."
14:37 Achemwali: Make-up yanga yapita yonse
14:38 Achemwali: Anthu aimirira, akuwomba m'manja. Amayi akhala chikhalire, manja pa chikwama
14:44 Achemwali: Akuti tizipita basi ingatisiye. Basi ndi ya 4. Akuti tizipita
15:02 Mzime: MULI KUTI
15:02 Mzime: ndathamangira panja ndi tepi m'khosi sindikukuonani
15:03 Achemwali: Tili pokwerera basi
15:03 Mzime: akwiya?
15:05 Achemwali: Sindikudziwa. Ndawafunsa ngati akufuna madzi, apukusa mutu
15:06 Mzime: a B andigwira chanza, ati ndakhoza. anzanga akufuna kundinyamula. ine sindikumva kukoma nkomwe
16:48 Achemwali: Akungoyang'ana pawindo
17:10 Achemwali: Andifunsa kuti unaziona liti zimenezi. Ndawauza za katani. Sory, ukudziwa kuti kwa amayi sinditha kunama kawiri sabata imodzi
18:22 Achemwali: Tafika. Ndawasiya pakhomo. Ati upite bwino, moni kwa ana. Basi

Macheza ndi: Amayi

15:10 Mzime: 🎤 mawu, 0:09
"Amayi pepani. Ndikanakuuzani dzulo, ndinachita mantha."

17:30 📞 Mzime waimba, sinayankhidwe

18:40 Mzime: 🎤 mawu, 0:06
"Amayi, ndikalipireni bola. Chetechete ameneyu ayi."

LOWERUKA

07:48 Amayi: 🎤 mawu, 1:41
"Mzime. Mawu ako onse ndawamva, usaganize kuti foni yafa. Choyamba, ine makina sindiwakalipira, ndimawalangiza. Chachiwiri, mwana wolera bwino sabisala kuseri kwa katani n'kumaonerera mayi ake akuvutika. Ukanakhala pafupi khutu limenelo ndikanalitalikitsa. Ndinakwiya nawe dzulo, ndisakunamize, njira yonse ndili fuu ngati ayironi. Zaka ziwiri ndikubisa, mkulu wako osadziwa, makasitomala osadziwa, iwe mphindi zitatu zokha wayanika zonse ngati zochapa. Chabwino... Koma chimene chinandithamangitsa m'holo muja si chimenecho ayi. Anthu aja ataimirira, bambo wa pambali panga anati, taonani nkhope ya mwana wanu mayi, ndinu ndendende. Ine ndinati eya, ndaona. Ndinanama, mwana wanga. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndinkangoona chinthu chobiriwira chikuyendayenda pa siteji. Anthu achilendo onse aja anakuona iwe. Mayi ako, amene anatseka shopu n'kukwera basi maola awiri, anangokumva."

07:50 Mzime: 🎤 mawu, 0:03
"Amayi..."

07:52 Amayi: 🎤 mawu, 0:14
"Usalire pafoni, ndili ndi mpendero wa anthu pano. Lolemba mkulu wako andiperekeza kwa a dokotala a maso. Iwe undiuze tsiku la sewero lotsatira. Ndikufuna ndidzakuone."