Tinatsuka Malole

14 Malichi

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Mwati munaitana anansi onse kudzandiona pa kanema, ndipo atsibweni anati usilikali wandinenepetsa. Ndinaseka, kenaka misozi inalengeza.

Zinayenda chonchi. Malole athu timawapaka matope dala, n'kuwabisa pansi pa mitengo kuti adani asawaone. Koma zitamveka kuti kukubwera anduna ndi atolankhani, akuluakulu anati matope achoke, mlendo sangajambulidwe ndi magalimoto auve. Ine ndi mnzanga Mlongoti, dalaivala wamtali uja amene mkazi wake mumapemphera naye, tinatsuka tsiku lonse, n'kuwandandalika pabwalo ali waliwali. Mlongoti anati, "Achimwene, tikupita kunkhondo kapena kuukwati?"

Anduna analankhula, ife tinawomba m'manja. Ndiye pokumbukira kuti mumadandaula zosandiona, ndinakodola mtolankhani mmodzi. "Achemwali, tandijambulani pano, amayi adziwe kuti ndili moyo." Ndinaima pafupi ndi lole yanga. Kumbuyo kwanga kunali thanki yamadzi yopendekeka, imene aliyense wa kuno amaidziwa.

Patapita masiku awiri, tikumwa tiyi m'mawa, mabomba anagwa pabwalo lomwelo. Malole anayi anapsa. Mlongoti anali kunsi kwa yake, akukonza mabuleki. Tinamuika Lachisanu.

Amayi, mutu wanga sukugwira. Akuluakulu akuti olakwa ndi atolankhani. Anzanga akuti ndi anduna, poti polankhula paja anatchula ndi tsiku lomwe tidzanyamuke. Ena akuti adani ankadziwa kale. Komatu mtolankhani yemweyo anajambulanso nsapato zathu zong'ambika, ndipo dzulo kwafika zatsopano, pamodzi ndi mankhwala amene tinapempha kalekale. Pano ndazivala. Ndimuthokoze kapena ndimutukwane? Za thanki yamadzi ija, imene mwina inalozera adani malo athu pa kanema, palibe wandifunsa, nanenso sindinauze munthu, koma inu nokha.

Moni kwa atsibweni, muwauze kuti kunenepa kuja kwatha. Mukafikenso kwa mkazi wa Mlongoti. Akafuna kanemayo mukamuonetse pa foni ya atsibweni, mwamuna wake akuoneka kumbuyo kwanga akuseka, ndowa ili m'manja. Akafunsa amene anaitana wojambula, sindikudziwa choti mumuyankhe. Inu ndinu amayi, mundiuze ndinu.

Ndine mwana wanu,
Mzime