Chisomo Akubwera Yekha

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yayamba kupepuka. Kuno ku Leeds tonse tili bwino, ntchito yakuchipatala ikuyenda.

Loweruka lapitali tinapita kunyanja ndi anzathu akumpingo kukaona mbalame zotchedwa pafini, zamilomo yofiira ngati zadzola penti. Wotiperekeza anati mwana wa pafini akakula amatuluka kuuna yekha, popanda kholo lomulondolera. Amatha zaka ali panyanja, kumtunda osapondako, akuphunzira njira zake, ndipo ambiri amadzabwerera kumatanthwe komwe anaswedwa.

Chisomo anandigunda ndi chigongono. "Mwamva, Amayi? Kambalame kakuyenda kokha. Ine mukundikaniza kukwera ndekha ndege yoti ili ndi woyendetsa!"

Ndinaseka, koma pobwerera m'basi ndinakumbukira tsiku lija pabwalo la ndege la Chileka, pamene munandikankha pamsana kuti ndilowe, ine ndikulira.

Choncho ndavomera. Mu Ogasiti mdzukulu wanu akubwera yekha, poti ine tchuthi sindinachipeze. Uzani achimwene akamulandire. Chisomo akamayankha m'Chingerezi musamukalipire, inu zingolankhulani Chichewa, amamva zonse. Mumuonetsenso pamene munakwirira mchombo wanga, kuti njira yakwathu aidziwe ndi mapazi ake.

Mulungu akusungeni mpaka mumuone.

Ine mwana wanu,
Eluby