Mzele Wachitatu

Lolemba, 14 Okutobala 1996

Kutentha. Mpundu, uja woimba gitala ku Northmead, wafika kuno ku Kabwata ndi fazi, kabokosi kopondapo kosintha mawu a gitala, yogula ku Kamwala. Yapulasitiki, yopepuka ngati sopo. Taiyesa. Ukaponda, gitala imangolila ngati udzudzu. Akuti, “Ba mudala, nipangileni yamene munali kupanga kudala, ija yokalipa.” Wabweletsanso pepala la dayagilamu. Ndamubwezela. M’kalasi sindinapondemo, zilembo ndinaphunzila ndekha pa makatoni a mawailesi, koma mafazi ndinayamba kupanga iye akuyamwa. Lezisita, kachipangizo kang’ono ka m’wailesi, sifuna sukulu. Umangoona mitundu ya mizele yake, wadziwa kukula kwake.

Lachiwili, 15 Okutobala

City Market. Mawailesi awili akufa, ndachotsamo matilanzisita atatu abwino. Bokosi likhala chitini cha mabisiketi.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndamaliza kuwotchelela masana. Virginia, mwana wanga, pochokela ku shopu yake yosoka wandipeza nditayandikiza chitini pamphuno. Wayambanso nyimbo yake ya kiliniki ya maso, akuti atate mudzadziwotcha. Ndati wakuda ndi gulobu, osati maso anga.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mpundu wabwela ndi gitala ndi ampu. Waponda. Si mawu amene ndinafuna. Fazi yanga imakoka mawu ataliatali ngati ng’ombe. Iyi ikung’amba ngati nsalu yatsopano, kenako kuduka mwadzidzidzi, zii. Ndinatambasula kale dzanja kuti ndiitenge ndikonze, koma iye osaleka kuimba. Mpaka amayi a nyumba yachiwili anatuluka ndi thovu m’manja.

Mpundu akuti, “Ba mudala, iyi mwaichita bwanji? Mu Lusaka yonse mulibe.” Ndati ndi nzelu zatsopano, ndakhala ndikuziyesa. Pakamwa panangoyankha pokha.

Akufuna ina yofanana ndendende ya Davies, mnzake wa gitala yachiwili, lisanafike tsiku la ufulu pa 24. Ndati Lolemba.

Lachisanu, 18 Okutobala

Yachiwili yatha. Ikulila bwinobwino ngati zakale zonse. Ndiye kuti yalakwika.

Loweluka, 19 Okutobala

Ndasintha matilanzisita, ndayesa batile yofooka, ndafupikitsa mawaya. Ng’ombe yomweyo. Ndiye kuti m’chitini choyamba muli chinthu chimene ndinaika osadziwa. Mita yoyezela inapita ndi mnzanga malemu Chishimba ku Kitwe, sindinaifunepo, khutu linali kukwana.

Ndakwela minibasi mpaka ku Chelstone kwa Mpundu kukatenga choyambacho. Ndati ndikufuna kumanga bwino sikuluwu. Wandiyang’ana nthawi, akuti, “Musaichilitse, ba mudala. Matenda yake ndiye nifuna.” Davies, ali pampando ndi ndudu, akuti zikavuta azangogula ya ku Kamwala, nkhalamba isavutike. Nkhalamba.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndatulutsa tebulo panja, zitini ziwili pambali pambali, dzuwa lili pamutu. Malezisita anayi muno, anayi muno. Ndayang’ana mpaka misozi. Mzele woyamba ndikuuona, wachiwili ndikuuona. Wachitatu, pakati pa kufiila ndi olenji, wangokhala dothi. Ndatseka diso lamanzele, chimodzimodzi. Lamanja, chifunga chokhachokha.

Ndiye kuyambila liti? Mawailesi a anthu amene ndakonza chaka chino, angati apita ndi zolakwika m’mimba?

Lolemba, 21 Okutobala

M’mawa Virginia akutuluka ndi chikwama cha nsalu, ndamuitana. Ndati iwe amene umasankha ulusi tsiku lonse, tandiuza, kamzele kachitatu aka m’chitini choyamba nkotani. Wayang’ana kamodzi. “Olenji, atate.” Nanga m’chitini ichi? “Kofiila.” Ine ndinali kuona kofiila monsemo.

Sanaseke. Waika chikwama pansi, wayala kansalu koyela patebulo, wakhuthulapo botolo langa lonse la malezisita. Iye kutchula mitundu, ine kunena bokosi la machesi loikamo. Wandipezela wachikasu, wapepo, olenji. Ndachotsa yolondola, ndawotchelela yolakwikayo.

Mpundu ndi Davies afika cha m’ma 11. Davies waponda, nsalu yang’ambika, zii. Wavula chipewa, akuti, “Ba shikulu, mwaniwina.” Mpundu wafunsa dzina la fazi imeneyi kuti alembe pachitini. Ndati lembani Olenji. Sanamve chifukwa, alemba.

Atapita, Virginia wanyamula chikwama, mochedwa ndi maola atatu. Za kiliniki sanatchule. Ali pageti ndamuuza kuti Lachitatu asatsegule shopu, tili ndi ulendo. Akuti wa kuti, atate?

Ndati ukudziwa, usandilankhulitse.