Ndimabwereza Mobisa Zimene Bambo Awotcherera

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bangwe. Bambo anga, a Gregorio, anachoka ku Nsanje ali mnyamata kudzagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa kampani ina ku Limbe. Kampaniyo itachepetsa antchito chaka chatha, anamanga kashedi kuseri kwa nyumba. Timapanga mafelemu a mawindo, mageti ndi mbaula, ndipo dzinja likayandikira amasulanso makasu.

Banja langa litatha ndinabwerera pakhomo, n'kuyamba kuwagwirira zitsulo akamawotcherera. Tsiku lina anandipatsa chogwirira rodi, kawaya kowotcherera, nati, "Yesa, mwananga. Usathamange, dzanja liziyenda ngati ukusoka mpendero." Kuyambira pamenepo ntchitoyi inandilowa mumtima.

Vuto ndi lakuti maso awo akufooka. Amawotcherera atavala magalasi a dzuwa ogula mumsika, ati helimeti imawachititsa mdima. Maso amakhala ali psuu, misozi ili chuchuchu. Mzere wawo, umene kale unkakhala wosalala, pano ukumaphonya polumikizira penipeni. Mwezi watha geti limene tinapangira a Mhango, aphunzitsi a ku Chinyonga, linathothoka, pang'onong'ono kuphwanya mwendo wa mwana wawo. Anabwera nalo mwaulemu bambo kulibe, ine ndinalikonza osawauza.

Chiyambire tsikulo, bambo akapita kokadya masana ndimatsala m'shedi n'kumabwereza zonse zimene awotcherera. Dzana anasisita felemu ina ndi chala, n'kumwetulira. "Waona, mwananga? Dzanja la pakhomo pano likadalipo." Unali mzere wanga, Aphungu. Ndinatuluka kukalirira kuseri kwa bafa.

Chikundiopsanso n'chakuti munthu wina wabweretsa migolo imene munali petulo kuti tiidule ndi moto wa gasi. Komanso chitenje changa chaboowokaboowoka ndi nthethe za moto, koma mayi safuna kumva za thalauza ngakhale boma linaloleza. Ndiwauze bwanji bambo osawaswa mtima? Ntchito imeneyi ndiwo moyo wawo.

B.G., Bangwe

Mwanawe B.G.,

Tiyambe ndi migoloyo, poti ndiyo ingakupheni mawa lomweli. Musaiyandikize moto. Mgolo wa petulo ngakhale uoneke wouma, mpweya wake umatsalira mkati ndipo umaphulika. Kutsukuluza ndi madzi sikokwanira. Ibwezeni kwa mwini wake. Mabotolo anu a gasi aziimirira pamthunzi atamangidwa ndi tcheni, ndipo girisi kapena oyilo asakhudze potsegulira pake.

Za maso, magalasi a dzuwa satchinga kuwala kwa rodi, amangomunamiza munthu. Yamba wayang'ana helimetiyo. Kagalasi koyera ka kutsogolo kamachita zipsera mpaka kubisa ntchito, ndiye kasinthe. Kenaka uwaperekeze bambo kwa madokotala a maso ku chipatala cha Gulupu. Mwina ndi ng'ala, imene amaichotsa, mwina akungofunika magalasi owerengera ovala mkati mwa helimeti. M'masomo musadonthezemo mkaka kapena zitsamba.

Mayi usakangane nawo. Ayalire chitenje chopsacho pamiyendo, alowetse okha chala m'mabowomo. Iwe ufunika ovolosi ya thonje, magolovesi ndi nsapato zachikopa zotseka. Za nayiloni ayi, zimasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Ndikudzudzule pang'ono. Kuwotcherera pamwamba pa mzere wolakwika, mothamanga kuopa kupezedwa, kumangokwirira vuto. Pofunika kugogoda makoko akuda amene amatsala pamwamba pa mzere, kupala mpaka chitsulo chiwale, kuchotsa dzimbiri ndi penti, kenaka n'kuyambiranso. Marodi azikhala pouma, ndipo iwe usamaime ponyowa. Zonsezi sizitheka mobisa, n'chifukwa chake kubisako kuthe.

Ndikuuzenso chimene ndikuganiza. Munthu amene wawotcherera kuyambira unyamata amaudziwa mzere wake ngakhale atatsinzina. Chala chija chinadziwa chimene chinkasisita. Sananene kuti dzanja langa, anati dzanja la pakhomo pano. N'kutheka kuti nonse awiri mukubisirana chinthu chimodzi, aliyense kuopa kupweteka mnzake.

Sankha nthawi imene muli awiriwiri m'shedimo, makina atazimitsidwa. Auze za geti la a Mhango mosazungulira. Ukatero uwapemphe, osati kuwalamula. Unene kuti, "Bambo, ndikufuna ndizigwira rodi ndine, inu muziyeza, muzilemba podula, muzindiuza ndikalakwitsa." Kusula makasu apitirize ngati adokotala avomera. Khutu lawo limadziwa kulira kwa chitsulo cholumikizika bwino, ndiye chilichonse mwapanga azichigogoda ndi nyundo iwowo chisanatuluke. Umenewo si ulemu wongowapatsa, ndi ntchito yeniyeni, ndipo iwe ukadali ndi zambiri zoti uphunzire kwa iwo.

Akakwiya, usathawire kuseri kwa bafa. Khala pomwepo pambali pawo.

Koma chenjera, usalankhule zimenezi pamaso pa makasitomala, ndipo usazengereze podikira tsiku labwino. Mwana wa a Mhango anapulumuka. Geti lina likagwera mwana wina, bambo ako sadzalira chifukwa cha maso awo, adzalira kuti unadziwa koma sunawauze.

Aphungu