Makapisozi m'chitini cha Atate

Kalingalinga, Lusaka
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene Edwell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kasunguko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo. Atate ndiwo sali bwino, ndipo musayembekeze kalata yokoma.

Paja khansa ya m'mapapo ija akuilandirira dripi masabata atatu aliwonse. Mankhwalawo sapha okha chotupa, amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane nacho. Tsiku loyamba adokotala anachenjeza kuti Atate asamwe mankhwala opha tizilombo osawafunsa, chifukwa m'matumbo muli tizilombo tabwino timene timathandiza chitetezocho. Ine ndinamva msanga. Zaka ziwiri za sayansi ku yunivesite sizinapite pachabe, ngakhale m'komboni muno amanditcha dokotala watheka.

Atawajambula mwezi watha, chotupa chinali chisanaphwe. Adokotala anayang'ana ine, osati Atate, n'kufunsa ngati pali china chimene akumwa kunyumba. Ndinakanitsitsa.

Loweruka ndikusesa m'shedi mwawo mowotcherera zitsulo, ndinapeza chitini chodzaza ndi timapaketi ta makapisozi ofiira ndi achikasu aja, opha tizilombo. Tonse tinali topanda kanthu.

Maganizo anga anathamangira kwa mkazi wawo, ba Nsofwa. Amawaphikira ndi iwo, amatseka chitseko cha kuchipinda ndi iwo, ndipo mlongo wa mayiwo, Mukupa, wayamba kubwerabwera, maso ali pa pulotiyi. Ba Nsofwawo ndinawapeza pampopi, azimayi ali pamzere, ndipo ndinawafunsa kuti akufuna kuika maliro mwezi uti. Sanalire. Anatula ndowa, n'kundiuza kuti ndikafunse bambo anga, popeza ophunzira ndife.

Atate sanabise. Akuti amamwa masiku atatu dripi isanafike, kutsuka m'mimba, kuti mankhwala akapeze poyera. Akuti pa zaka makumi anayi sanawotchererepo chitsulo cha dzimbiri asanachipale, ndiye thupi lingasiyane bwanji? Ndinawafotokozera kuti chimene akupalacho si dzimbiri, ndi antchito a mankhwalawo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Nditafunsa amene anawaphunzitsa zimenezi, anandiloza ndi chala.

"Ni iwe. Unabwela ku sukulu, unakamba ati vilombo va m'mimba ndiye vileta matenda."

Achimwene, n'zoona. Chinali tchuthi cha chaka changa choyamba. Ndinkafuna aliyense adziwe kuti ndayang'anapo pa makina oonera tizilombo, ndipo ndinalalikira nyumba yonse kuti tizilombo ta m'mimba ndi timene timabweretsa matenda, makapisozi n'kuwagulira ndekha Atate pamene ankatsokomola. Ine ndinaiwala, iwo anasunga. Tsopano akuti nthawi imeneyo ndinali pasukulu, lero ndine wothawa sukulu, ndiye akhulupirire Chifundo uti?

Ba Nsofwa sindinawapepese. Ndidzatero ndikadziwa zonse, chifukwa pali chimene sichikumveka. Atate safika n'komwe pa kantemba, kagolosale ka pakona, osapuma kawiri. Akuwagulira ndani? Akana kunena. Koma Lamlungu lililonse mukaimba foni, ine ndikangolowa amatsitsa mawu. Alamu amagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Phukusi lija munatumiza pa basi mu Juni, limene Atate anakatsegulira kushedi, munali mtedza wokhawokha?

Musandiyankhe. Ngati ndi inu, munachita mwachikondi monga ndinachitira ine mwamatama, ndipo tonse tawapweteka.

Adokotala ndawauza zonse. Sakulonjeza kuti makapisozi ndiwo alepheretsa mankhwala, akuti mwina. Koma akawajambulanso n'kupeza chimodzimodzi, dripi aisiya, ndipo china choposa pamenepo alibe. Dripi yotsatira ndi Lachinayi la sabata la mawa, kutanthauza kuti Lolemba Atate ayambanso kutsuka kwawoko. Chitini ndataya, koma ndikudziwa kuti ena abisa.

Inu amakumverani. Simunapitirire fomu 2, koma mukayankhula amagwedeza mutu. Zimandiwawa, komabe ndikupempha. Aimbireni Lolemba lisanafike. Auzeni asiye makapisozi, adye nyemba ndi masamba, m'mimbamo mukhale momwe Mulungu anaikira. Munene kuti mwamva kwa dokotala wa kumeneko. Dzina langa musalitchule, angakane.

Mundiperekere moni kwa alamu, ngakhale kalatayi sangaikonde, ndiponso kwa ana ndi azakhali a ku Chulu. Ambuye akusungeni, ndipo atisungirenso Atate.

Ndine mlongo wanu,
Chifundo