Azakhali ndi Chibokosi Chakuda

Chimutu 14:02
mwaipeza laptop? ili pansi pa pilo

Azakhali 14:06
ndaipeza pamodzi ndi masokosi onunkha. ndayatsa

Chimutu 14:06
azakhali pls lero osaseka. mayina a osankhidwa ku sukulu ya unamwino atuluka, password yolowera ili mmenemo, ine ndili m'basi. ndikapanda kuvomera malo lero apatsa wina

Azakhali 14:08
chimutu chonsecho kulephera kusunga mawu amodzi?

Chimutu 14:08
ndi zilembo zosokonekera, imandisungira ndi laptop. mouse inafa, ndiye dinani Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi

Azakhali 14:12
eee!! kwatuluka chibokosi chakuda bii. muli kamzere kakundiphethira ngati bambo ako aang'ono akaona alendo aakazi

Chimutu 14:12
😭 ndi chomwecho! lembani ndendende
keepassxc-cli ls zanga.kdbx
kenako Enter

Azakhali 14:19
chayankha m'chizungu. ine sukulu ndinathawa mvula isanakate

Azakhali 14:19
📷 chithunzi

Chimutu 14:20
mwakhoza!! chikufuna mawu otsegulira. ndikutumizirani, mukawerenga ndifufuta

Chimutu 14:20
🚫 uthengawu wafufutidwa

Azakhali 14:21
mmm. dzina limeneli si la kwathu kuno. ndi chibwenzi chako eti? amagwira ntchito?

Chimutu 14:21
AZAKHALI LEMBANI

Azakhali 14:26
mwana iwe mabatani afa. ndikulemba sichikuoneka kanthu. ndalemba katatu, ndachimenyako mbama pang'ono

Chimutu 14:26
musamenye!! chimabisa dala kt wina asaone. dinani Enter chikane kaye. kenako mzere uja mubwerezenso, mawuwo kamodzi kokha, Enter

Azakhali 14:27
kulemba osaona? ngati kusoka mumdima

Azakhali 14:33
CHATSEGUKA!!! mayina mbwee. imelo, sukulu, kuntchito... ine ndine injiniya tsopano, uzindipatsa moni utagwada

Chimutu 14:33
❤️ kwatsala kamodzi
keepassxc-cli show -s zanga.kdbx sukulu
chifunsanso mawu aja. foni yatsala pang'ono kuzima, fulumirani

Azakhali 14:40
🎤 mawu 0:48

Chimutu 14:41
simunganditchulire password pakamwa, m'basi muno mukusokosa! "kanjoka koima" nchiyaninso? jambulani

Azakhali 14:43
📷 chithunzi

Chimutu 14:43
chimenecho nchala chanu

Azakhali 14:45
📷 chithunzi

Chimutu 14:45
zaoneka!! ndikulowa

Azakhali 14:47
ndiye?

Azakhali 14:55
chimutu

Azakhali 15:10
ngati sanakutenge usalire m'basi, anthu ajambula. bwera udzalire kuno tilire limodzi

Azakhali 15:31
mwana wa mchimwene wanga yankha

Nambala yachilendo 15:48
ndine, foni inazima, ndabwereka ya amayi ena

Nambala yachilendo 15:48
🎤 mawu 0:09

Azakhali 15:50
ndangomva kukuwa ndi hutala. kukuwa kwa chiyani? lemba!!

Nambala yachilendo 15:50
ANDITENGA AZAKHALI. ndavomera kale. basi yonse ikuwomba m'manja

Azakhali 15:52
🎤 mawu 1:37

Azakhali 15:57
aneba abwera akuyesa kwagwa zovuta. ndawauza kt tonse awiri tasankhidwa

Azakhali 15:58
amayi eni foni zikomo, mumugwire asadumphe pawindo

Azakhali 16:04
nanga chibokosichi amatseka bwanji? ndangochifunditsa thaulo